Zikho zosindikiza pa makina a 3D: kodi n'zoona kuti siziwononga chilengedwe?

Mphunzitsi wa ku Katoto analemba kuti:

Ndikupatsani moni nonse. Ine ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Mzuzu, ndipo chaka chino anzanga andisenzetsa udindo wopeza mphoto za mpikisano wa sukulu 6 za m'dera lathu, umene umakhala ndi mpira wamiyendo, mpira wa ntchembere mbaye komanso liwiro. Tikufunika zikho 12 ndi mamendulo 60.

M'zaka zapitazi takhala tikugula zikho za m'sitolo zochokera kunja, zija zonyezimira ngati golide. Aliyense amene anazigwirapo akudziwa kuti golide wakeyo ndi wapamwamba pokha, pakuti mkati mwake ndi pulasitiki, ndipo dzinja likadutsa kawiri zimayamba kusupuka. Mu ofesi ya ahedi athu muli zitatu zimene zinathyoka zogwirira, ndipo zinangokankhidwira kuseri kwa mafayilo chifukwa palibe amene ali ndi mtima wozitaya.

Sabata yatha kunabwera mnyamata wina ndi chikho chachitsanzo chimene anati anachisindikiza pa makina a 3D. Chinali ndi maonekedwe a mapu a Malawi, mpira uli pamwamba, dzina la sukulu litalembedwa ndi zilembo zotukuka. Nditachinyamula ndinadabwa kupepuka kwake, ndipo nditachiyang'anitsitsa ndinaona timizere tating'ono topingasa, tofanana ndi mmene mbiya imaonekera woumba asanaisalaze. Iye anandiuza kuti pulasitiki wake ndi wopangidwa kuchokera ku chimanga, kotero kuti chikatha ntchito chimaola ngati mapesi.

Apa ndi pamene pali funso langa. Ine ndinenso mlangizi wa kalabu ya zachilengedwe pa sukulupa, ndipo sindikufuna kukaima pamaso pa ana n'kuwauza zinthu zimene pambuyo pake zidzapezeke kuti si zoona. Kodi pulasitiki ameneyu amaoladi? Kodi makinawa amadya magetsi ochuluka motani? Nanga tikayerekeza ndi zikho za m'sitolo kapena zamatabwa, njira imene ikusiya zinyalala zochepa ndi iti? Amene mukudziwa bwino nkhaniyi mundithandize komiti yathu isanakumane.

Wosindikiza wa ku Luwinga anayankha kuti:

Aphunzitsi, ine ndimadyera ntchito yomweyi, choncho mawu anga muwapime bwino, koma ndiyesetsa kunena zimene ndimaona pa tebulo langa tsiku ndi tsiku.

Fanizo lanu la mbiya lafika penipeni. Makinawa amakoka ulusi wa pulasitiki wonenepa mamilimita 1.75, umene umabwera wokulungidwa m'mipukutu ya kilogalamu imodzi, n'kuusungunula pa kamlomo kotentha pafupifupi madigiri 200, kenako n'kumauyala mzere pamwamba pa mzere unzake mpaka chinthucho chitaima. Mzere uliwonse nthawi zambiri umakhala wa mamilimita 0.2, n'chifukwa chake chikho chimodzi chimatha kutenga maola 8 kapena kuposerapo. Njirayi si yatsopano ayi. Anaiyambitsa Scott Crump ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, koma makina otsika mtengo anafala pambuyo pa chaka cha 2009, pamene chilolezo choteteza luso lakelo chinatha mphamvu ndipo aliyense anakhala ndi ufulu wopanga ake.

Ubwino wake pa nkhani ya chilengedwe ulipo ndithu, ndipo waukulu ndi wakuti makinawa amangoika pulasitiki pamene akufunika. Chikho chimene munanyamula chinapepuka chifukwa mkati mwake simodzaza, muli timakoma topingasana ngati chisa cha njuchi, ndipo ine ndimakonda kudzaza magawo 15 okha pa 100 aliwonse. Chikho chachitali ngati botolo la sobo laling'ono chimandidyera magalamu osapitirira 200. Chinanso n'chakuti sipafunika chikombole, kotero ngati mukufuna 12, timapanga 12 zomwezo, chilichonse ndi dzina lakelake, osati kudzaza kontena ndi zikho zofanana zimene zina zidzakalambira pa shelefu.

Za magetsi musade nazo nkhawa kwambiri. Makina apatebulo ngati angawa, posindikiza pulasitiki wa chimanga uja, amene amatchedwa PLA, amakoka mawati pafupifupi 100, kutanthauza kuti maola 8 sakwanitsa n'komwe yuniti imodzi. Hotipuleti yophikira nyemba imadya zoposa pamenepo pa ola limodzi lokha. Komanso magetsi athu ambiri ndi amadzi, ochokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, kuphatikizapo pang'ono a ku Wovwe ku Karonga kuno kumpoto, choncho utsi wake ndi wochepa poyerekeza ndi mayiko amene amawotcha malasha. Chimene chimasokoneza masamu amenewa ndi kuthima kwa magetsi. Mukukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Wosindikiza akayatsa jenereta ya petulo kwa maola 8 kuti ayendetse kamakina ka mawati 100, phindu lonse lija lapita ndi utsi.

Tsopano ndinene zimene ambiri a ife sitinena pamaso pa kasitomala. Pansi pa tebulo langa pali ndowa, ndipo ndowayo imadzaza. Muli timizati timene makina amamanga kuti tichirikize mbali zolendewera, monga zogwirira za chikho, timene timathyoledwa n'kutayidwa ntchito ikatha. Mulinso zolephereka. Mwezi wa Juni ndinkasindikiza chikho cha maola 9, ndipo magetsi anathima pa ola la 7. Mbale yotentha imene chikhocho chimamatirirapo inazizira, chikhocho chinamasuka, ndipo magetsi atabwera makina anapitiriza kulavula ulusi m'malere. M'mawa ndinapeza chimulu chopiringizana ngati chisa cha mpheta. Nyengo ya Mzuzu nayo imatilanga, chifukwa ulusiwu umayamwa chinyezi, ndipo m'miyezi ya nkhungu ukausiya pamtunda umayamba kuthetheka pa kamlomo paja n'kumaduka. Ine ndimasunga wanga m'ndowa yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato.

Za chimanga, mnzangayo sananame, koma chimangacho si cha ku Mzimba. PLA amapangidwa kuchokera ku shuga wa m'zomera, ndipo mafakitale akuluakulu odziwika ndi ya NatureWorks ku Blair m'chigawo cha Nebraska ku America, imene imagwiritsa ntchito chimanga, ndi ya TotalEnergies Corbion ku Rayong m'dziko la Thailand, imene imagwiritsa ntchito nzimbe. Ulusi umene ine ndimagula umachokera ku China kapena ku South Africa, ndipo ndikapanikizika ndimaitanitsa wobwera pa ndege, zimene ndikudziwa kuti si zokomera chilengedwe. Ndikuchenjezeninso kuti PLA amayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 60. Chikho china chimene kasitomala anachisiya padzuwa m'galimoto yotseka magalasi ku Nkhata Bay chinabwerera kwa ine chitawerama khosi.

Mayi wa ku Chibavi anayankha kuti:

Zikomo achimwene a ku Luwinga chifukwa chotionetsa ndowa yanu ija, pakuti ambiri amaibisa. Ine ndagwira ntchito zaukhondo wa m'mizinda kwa zaka zingapo, ndipo ndikufuna kuyankha funso loyamba la aphunzitsi, limene inu mwalilambalala pang'ono: kodi chimaola ngati mapesi? Yankho lake ndi lakuti ayi, makamaka m'dzala la kuseri kwa nyumba.

PLA amaola m'malo apadera opangira manyowa, mmene kutentha kumasungidwa pa madigiri pafupifupi 58, chinyezi chili chokwanira, ndipo mulu ukutembenuzidwa kwa milungu yambiri. Muyezo wa ku Ulaya wotchedwa EN 13432 umafuna kuti magawo 90 pa 100 a chinthucho akhale ataola m'miyezi 6 m'malo otere. Muyezowu anaukonzera zolongedzera katundu, zinthu zopyapyala ngati makapu ndi timatumba, osati chikho chokhuthala chimene chapoperedwa penti wagolide ndi kumatidwa ndi guluu. Ine ndinayesapo ndekha. Mwana wa mchemwali wanga anabwera ndi kachidole kosindikiza kothyoka mwendo, ndipo ndinakakwirira pansi pa nthochi pamene ndimatayapo makoko a mbatata ndi madeya. Patadutsa madzinja awiri ndinakafukula, ndipo kanatuluka kali chimodzimodzi, kungoti mtundu unali utafwifwa ndipo dothi linali litalowa m'timizere tija. Chikagwera mu mtsinje wa Lunyangwa kapena kukafika kunyanja, kumene madzi ndi ozizira, chidzakhala nthawi yaitali kuposa pamenepo.

Vuto lachiwiri ndi lakuti PLA sayenera kusakanizidwa ndi mabotolo a madzi ndi zakumwa, amene ndi pulasitiki wa mtundu wa PET, chifukwa amasungunuka pa kutentha kosiyana ndipo pang'ono pokha amawononga mulu wonse. Anyamata amene amatola mabotolo m'tauni muno alibe naye ntchito. Choncho mapeto a chikho chothyoka kuno ndi awiri, m'dzala kapena pamoto, ndipo tonse tikudziwa kuti zinyalala zambiri za m'makomo mwathu zimathera pamoto madzulo. Ngati wosindikiza wagwiritsa ntchito ABS, pulasitiki wochokera ku mafuta a pansi pa nthaka yemwe amapangira zidole za Lego, utsi wake ndi woipa kwambiri, ndipo ngakhale posindikiza pomwe amatulutsa mpweya wa styrene umene suyenera kupumidwa m'chipinda chotseka. Palinso makina ena osindikiza ndi utomoni wamadzimadzi umene umauma ndi kuwala. Zinthu zake zimatuluka zosalala mokongola, koma utomoniwo usanaume umayabwa pakhungu ndipo ndi poizoni kwa zamoyo za m'madzi, ukauma sungasungunulidwenso, ndipo spiriti wotsukira sayenera kuthiridwa m'ngalande. Aphunzitsi, mumufunse mnyamatayo dzina la pulasitiki wake, ndipo akuonetseni chizindikiro cha pa mpukutu.

Pali chitsanzo chimene anthu amakonda kutchula, cha masewera a Olympics a ku Tokyo amene anachitika mu 2021. Mamendulo pafupifupi 5,000 anapangidwa ndi golide, siliva ndi mkuwa zochotsedwa m'mafoni ndi zipangizo zina zakutha zimene anthu a ku Japan anasonkha, ndipo nsanja zoimapo opambana zinasindikizidwa pa makina a 3D ndi pulasitiki wa mabotolo a sopo ndi zina zotero zimene zinatoledwa m'makomo. Chimene chinakometsa ntchitoyo si makinawo ayi, koma kuti zipangizo zake zinali zinyalala kale. Ulusi watsopano wobwera pa ndege ndi nkhani ina.

Komabe tisakulitse kanthu kakang'ono. Zikho 12 za magalamu 200 ndi makilogalamu 2.4 okha. Pa tsiku la mpikisanolo, mabotolo a madzi, timapepala ta mafirizesi ndi majumbo zimene zidzatsale pa bwalo zidzaposa pamenepo kutalitali, ngakhale kuti mapulasitiki opyapyala osafika mamaikironi 60 analetsedwa mu 2015 ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Pa mndandanda wanu, chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi mamendulo 60, chifukwa tinthu tating'ono topepuka n'timene timasochera msanga, kuseweretsedwa ndi ana aang'ono kunyumba, n'kuthera m'ngalande mwezi usanathe.

Kalipentala wa ku Zolozolo anayankha kuti:

Aphunzitsi, amayi ndi inu mwana wanga wa ku Luwinga, ndaona kuti nkhani ikuzungulira pa pulasitiki pokha ngati kuti tili m'chipululu, chonsecho mzinda uno uli pakhomo pa Chikangawa, nkhalango yobzalidwa ya mahekitala oposa 50,000. N'zoona kuti moto ndi kudula kosasamala zaichepetsa kwambiri, koma paini akadalipo, ndipo m'mashedi mwathu akalipentala mumatsala zidutswa tsiku lililonse tikamapanga zitseko, mabedi ndi madesiki. Zidutswa zimenezi zimathera kwa amayi ophika kapena zimangowotchedwa pamodzi ndi utuchi. Kachidutswa kotalika ngati chikhatho, kakapalidwa bwino n'kupakidwa vanishi, kamakhala tsinde la chikho labwino, lolemera moti mphepo singaligwetse, ndipo palibe mtengo watsopano umene wagwa chifukwa cha iko.

Sindikunena kuti thabwa lililonse ndi losalakwa. Munthu akakuuzani kuti akusemerani zikho 12 za phingo, mlombwa kapena mbawa, mufunse kumene mtengowo wachokera, chifukwa mitengo yachilengedwe imeneyi imatenga zaka makumimakumi kuti ikhwime, ndipo wosema amataya mbali yaikulu ya chipika kuti atulutse kanthu kamodzi. Pamenepo ndikuvomereza kuti makina a mnyamatayu amatiposa. Ndikuvomerezanso kuti ine sindingaseme chizindikiro cha sukulu chokhala ndi buku, nyali ndi tizilembo tating'ono maulendo 12, zonse n'kufanana. Manja anga ndi a sowo ndi puleni.

Koma funso limene ine ndikanafunsa komiti yanu ndi lakuti, n'chifukwa chiyani mukufuna zikho 12 zatsopano chaka chilichonse? Ife tili pa sukulu kunali chishango chimodzi chathabwa cholendewera mu holo. Sukulu yopambana inkachitenga n'kuchisunga chaka chonse, dzina lake n'kukhomedwa pa kachitsulo kakang'ono m'mphepete, ndipo chaka chotsatira inkachibweretsa kuti ichiteteze. Ana ankawerenga maina a zaka zakale n'kumakangana za amene anachitenga kambiri, ndipo chinkalimbiranidwa kuposa zikho zonyezimira za masiku ano. Chishango chotere chimatha zaka 20 chikungofuna vanishi. Ngakhale chikanakhala cha pulasitiki yekhayekha, chimodzi pa zaka 20 sichingafanane ndi 12 pa chaka, zimene pa nthawi yomweyo zikwana 240.

Ngati mungafune kuphatikiza ntchito ziwirizi, ine ndipange thabwa, mnyamatayu asindikize chizindikiro ndi zilembo, koma tizilumikize ndi sikuluu osati guluu. Chapulasitikicho chikadzathyoka kapena kufwifwa, mudzangomasula n'kuikapo china, thabwa likadali lomwelo. Zitatu zili kuseri kwa mafayilo kwa ahedi zija mubwere nazo kushedi kuno, chifukwa zambiri zimakhala ndi chitsulo chachitali pakati chomangidwa ndi nati pansi, ndipo n'kutheka kuti pa zitatuzo tingatulutsepo ziwiri zabwino.

Wosindikiza wa ku Luwinga anayankhanso kuti:

Adada a ku Zolozolo, za sikuluu ndagwirizana nazo, ndipo zikundipeputsira ntchito, chifukwa chizindikiro chafulati chimagona pa mbale popanda timizati tochirikiza, chimatha m'maola awiri kapena atatu, ndipo magetsi akathima chotayika ndi chochepa. Ndingasindikize ndi ulusi wa mtundu umene sukulu ikufuna kuti penti asafunike n'komwe.

Amayi a ku Chibavi, pa mfundo yanu yakuti zipangizo zikhale zinyalala kale, pali njira imene ndikuyesera. Botolo la PET limadulidwa mozungulira kukhala kalamba kamodzi kataliatali, ndipo kalambako kamakokedwa kudutsa pa kamlomo kotentha n'kutuluka ngati ulusi. Makina ena otere, otchedwa Polyformer, anakonzedwa ndi achinyamata awiri poona mmene ulusi unkadulira ku Rwanda, ndipo mapulani ake ndi aulere pa intaneti. Choona chake n'chakuti botolo limodzi limapereka magalamu ochepa chabe, liyenera kutsukidwa n'kuchotsedwa guluu yense wa lebulo, ulusi wake umafuna kutentha kwa madigiri oposa 250, ndipo wanga mpaka pano umatuluka wonenepa pena n'kuwonda pena. Pa chizindikiro chaching'ono ndingayese, koma chikho chathunthu sindingalonjeze. Wina akadzakutsatsani ulusi wotchedwa wamatabwa, dziwani kuti ndi PLA yemweyo wosakaniza ndi utuchi, ndipo pansi pa nthochi ya amayi adzachita chimodzimodzi.

Mphunzitsi wa ku Katoto anayankha kuti:

Yewo chomene nonse atatu. Komiti inakumana dzulo masana ndipo ndinawawerengera mayankho anu onse. Tagwirizana kuti tikhale ndi zishango zitatu zoyendayenda, chimodzi pa masewera alionse, zathabwa la paini lochokera ku zidutswa, zizindikiro zake zosindikiza ndi zomanga ndi sikuluu. Zikho zitatu zothyoka zija ahedi alola kuti zituluke mu ofesi, ndipo ndibwera nazo ku Zolozolo Loweruka m'mawa. Ana a kalabu ya zachilengedwe ndawauza kale kuti pulasitiki wa chimanga saola m'dzala, ndipo apempha kuti akwirire chidutswa chimodzi kuseri kwa labu kuti adzachifukule akamadzalemba mayeso a Fomu 4. Achimwene a ku Luwinga, mutipatseko chimodzi cha m'ndowa yanu ija.

Pamene tinasiyana maganizo ndi pa mamendulo. Aphunzitsi anzanga awiri anaumirira kuti mwana amene wapambana liwiro la mamita 100 ayenera kupita kunyumba ndi kanthu kovala m'khosi koti akaonetse makolo, pakuti chishango chimatsala pa sukulu, ndipo ine sindinathe kuwatsutsa chifukwa ndimakumbukira yanga ya ku pulaimale. Tachepetsa chiwerengero kuchoka pa 60 kufika pa 24, za opambana pa liwiro okha, koma sitinagwirizane kuti zikhale za chiyani. Bambo a ku Zolozolo, kodi timagudumu tathabwa tokula ngati chivindikiro cha botolo la jamu, toboola pamwamba kuti padutse riboni, mungatidulire 24 kuchokera ku zidutswa zomwezo, ndipo zilembo zake zingawotchedwepo ndi chitsulo chamoto osang'ambula thabwalo?